Chiguduli cha pa Mota ya a Utuchi

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Mumsewu monse ankangoti a Utuchi, chifukwa utuchi sunkawachoka m'tsitsi, m'nsidze, m'makutu, ngakhale m'thumba la jekete yopitira ku maukwati. Anali kalipentala wa manja abwino, pamenepa palibe ankatsutsa. Chitseko chopanga iwo chinkatsekeka ndi chala chimodzi, ndipo mpando wawo unkakalamba limodzi ndi mwini wake. Vuto lawo linali nsanje. Sinali nsanje ya pa galimoto ya mnzawo kapena nyumba yosanja ayi. Inali ya pa munthu mmodzi yekha, ndipo ankainola tsiku ndi tsiku ngati tchizulo.

Munthuyo anali a Mawaya, wokonza mamota kuseri kwa msika. Mlandu wawo unali wakuti ndiwo anayamba kufunsira mkazi amene a Utuchi anadzakwatira. Anafunsira, anayenda naye pang'ono, zinthu sizinayende, nkhani n'kuthera pomwepo. Pambuyo pake a Mawaya anakwatira kwina, anabereka ana, anachita dazi, mimba n'kutsogola. Koma m'maso mwa a Utuchi iwo anali adakali mnyamata uja wa malaya osita ndi njinga yonyezimira, wodziwa kuseketsa atsikana. A Utuchi kuseketsa sankadziwa. Iwo pofunsira anangopanga kampando, n'kukakaika pakhomo pa mtsikanayo, n'kuima chete ngati abwera kudzapepesa maliro. Mtsikana anavomera. Chifukwa chimene anavomerera a Utuchi sanachimvetse mpaka imvi zinamera, ndipo mumtima ankaona kuti tsiku lina mkaziyo adzazindikira kuti anasankha molakwa.

Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba, moyang'anana ndi zenera la kukhitchini. Munali benchi yaitali, mapuleni pakhoma, zitini za guluu zouma pakamwa, ndi mulu wa zidutswa za matabwa zimene ankati zidzagwira ntchito tsiku lina. Pakati pa zonsezi panali sowo ya patebulo, chimakina chakale cholemera, chimene anagula ana ali aang'ono ku kampani ina imene inkatsekedwa. Mpeni wake wozungulira unkatulukira pamwamba pa tebulo, ndipo mota inali kunsi, ikukoka mpeniwo ndi lamba.

Tsiku limene sowoyo inafika, a Utuchi anagwada kuti aione bwino kunsi. Pamimba pa mota anapeza zilembo za penti yachikasu, zazikulu, zonyada: dzina la a Mawaya. Kampani ija inkakonzetsa mamota ake kwa iwo, ndipo a Mawaya chilichonse chodutsa m'manja mwawo ankachilemba dzina. Tangoganizani, munthu uja kulowa m'shedi mwawo osaodira, n'kukhala pansi pa tebulo lawo, moyang'anana ndi zenera la akazi awo! Anayesa kupala ndi sandipepala, koma pentiyo inakana kuchoka. Ndiye anatenga chiguduli, anaikulunga mota yonse, anamanga ndi chingwe, n'kukankhira sowo kukhoma. Akazi awo atafunsa, anati akutchinga utuchi. Kuyambira tsiku limenelo sanayang'anenso kunsi kwa tebulo, ndipo za mamota sankafuna n'kuzimva komwe.

Sipanapite nthawi, sowo inayamba khalidwe. Masana kukatentha, iwo akucheka thabwa lolimba, inkangoti zii pakati pa ntchito. Ulendo woyamba inagona masiku angapo. Maoda anaima, m'nyumba munayamba kuuma, anthu ankati itanani a Mawaya, koma a Utuchi ankati bola aziguguda ndi sowo yamanja mpaka phewa lithyoke. Kenaka tsiku lina, atatopa nayo, anamenya tebulo ndi chikhatho, anapita kukasamba m'manja, ndipo pobwera atadina swichi, sowo inalira ngati palibe chinachitika.

Basi, anapeza mankhwala ake. Sowo ikazima, ankathimitsa swichi, n'kumenya tebulo, n'kunena kuti, "Pumani, gogo." Akatero ankapita pampopi wa kumaso kwa nyumba kukasamba m'manja ndi kumaso, mosafulumira, akutokosa utuchi m'makutu. Akazi awo akamva kuti kushedi kwati zii, ankateleka madzi. A Utuchi pobwerera ankapeza tiyi ali pabenchi, mayi atakhala pa kampando kaja, kamene tsopano kankakhala m'shedi momwemo. Ankamwa limodzi, n'kumakamba za ana, za denga lodontha, za anthu a mumsewu. Kapu ikatha, a Utuchi ankadina swichi ndipo sowo inkadzuka. Ankanyadira nazo kwambiri. "Makina amadziwa mwini wake," ankatero kwa makasitomala. "Ena amaitana anthu a mawaya, ine ndimangolankhula nawo." Akazi awo ankangotola makapu.

Zinayenda choncho mpaka ana anakula n'kuchoka. Ndiye mwana wawo wamkazi anachira ku tauni ina, mdzukulu woyamba, ndipo mayi ananyamuka kukathandiza. A Utuchi anatsala ndi lonjezo lakuti pobwera mayi adzapeza kabedi ka khanda katatha. Anasankha thabwa lolimba kwambiri limene anali nalo, poti la mdzukulu silichita kukhala lofewa. Ali pakati pocheka miyendo, sowo inati zii.

Sanade nkhawa. Anathimitsa swichi, anamenya tebulo, anauza gogo kuti apume, anakasamba, anadziphikira tiyi wopanda kukoma, anamwa ataimirira. Atadina swichi, palibe chinachitika. Anamenyanso tebulo, mwamphamvu pang'ono, koma sowo inangoti duu. Mawa lake chimodzimodzi.

Kuseri kwa mpanda kunali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, wowotcherera zitsulo, munthu wa pakamwa posatseka. Atamva kuti kushedi kwakhala chete nthawi yaitali, anasuzumira pampanda.

"Alamu, kodi gogo atisiya? Tiuze anthu?"

"Akupuma," anatero a Utuchi.

"Kupuma kwa dzulo ndi lero? Kumeneko kwathu timati kukomoka."

Analowa, ndipo anayamba kufufuza limodzi. Babu la m'shedi linkayaka, wailesi inkalira, ndiye magetsi analipo. Mlamu anazula pulagi ya sowo, n'kulowetsa galainda yake m'soketi momwemo, ndipo inalira bwinobwino. Anamasula pulagi, fyuzi inali yamoyo. Anatsata chingwe chonse ndi zala kuona ngati makoswe anachiluma, osapeza kanthu. Anatsegula kabokosi ka swichi, munali utuchi wokwana kudzaza pilo, anaupemerera mpaka onse awiri anayetsemula, anabwezeretsa, analowetsa pulagi, anadina. Zii.

"Zulaninso pulagi, muzunguze mpeni ndi dzanja," anatero mlamu. "Mwina kachidutswa kakakamira."

Mpeni unazungulira mosavuta. Lamba anali wolimba, wosaduka.

"Mukadina imang'ung'udza? Kuchita ngati njuchi, koma osazungulira?"

"Ayi."

"Ndiye si kapasita. Ikanakhala kapasita bwenzi ikubuula. Fungo la chopserera munalimva?"

"Ayi."

"Ndiye nkhani ili m'chigudulimu. Timasule."

"Chiguduli chisiyeni."

Mlamu anawayang'ana, n'kuyamba kuseka. "Alamu, ine nzeru zanga zathera apa. Wotsala ndi mmodzi, ndipo mukumudziwa. Paja mukanachedwa pang'ono ndi kampando kanu kaja, bwenzi mlamu wanga ali iyeyo, ine mamota ndikukonzetsa ulere."

A Utuchi sanaseke. Anati kabedi apanga ndi sowo yamanja. Anayesadi, koma phewa la munthu wa imvi si la mnyamata, ndipo thabwa lija linkachita ngati likuwaseka. Madzulo asanafike dzanja linali litakana kukwera.

M'mawa mwake mlamu anabwera ndi mlendo, osapempha chilolezo. A Mawaya analowa m'shedi atavula chipewa, kachikwama ka zida kali m'manja, akupuma mwaphuma chifukwa cha kamtunda ka mumsewu. Anapereka moni waulemu, anafunsa za mdzukulu, anayamikira benchi. A Utuchi ankayankha ndi mphuno. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti munthuyo analibe chilichonse chomudera. Akanakhala wamwano bwenzi zili bwino.

A Mawaya anazula pulagi, anapempha kuti akankhe sowo ichoke kukhoma, anagwada movutikira, n'kusuzumira.

"Aa! Ndani anaifunditsa mota ngati wodwala malungo?"

"Ndimatchinga utuchi."

"Bambo, mota imapuma ngati munthu. Kumbuyoku ili ndi fani yake yoiziziritsa. Mukaifunditsa chonchi imatentha, ndipo ikatentha imadzizimitsa yokha kuti isapse. Ili ndi kabatani kumbuyo kuno, kamatumphuka. Ikazizira mumangokadina, basi." Anapapasa chiguduli, n'kuima. "Koma apa wina anaganizapo kale. Taonani."

A Utuchi anagwada, koyamba chigwadire tsiku lija. Kumbuyo kwa chiguduli, mbali imene inkayang'ana kukhoma, kunali kabowo kokwana chala. Sikanali kobooledwa ndi khoswe. Kanali kodulidwa bwino ndi sizasi, m'mphepete mwake mosokedwa ndi ulusi wakuda kuti musamasosoke. Kasokedwe kameneko a Utuchi ankakadziwa, kanali pa matumba onse a ovololo yawo. Mkati mwa kabowoko munali kabatani kofiira. Mota yonse inali yokutidwa ndi fumbi la zaka, koma kabataniko kanali kosalala, konyezimira, ngati chogwirira cha ketulo.

A Mawaya anakadina, kanati thapu. Anamasula chingwe, anachotsa chiguduli, anapemerera fumbi, ndipo dzina lawo lachikasu linatulukira, lowala ngati lalembedwa dzulo. Analowetsa pulagi. Mlamu anadina swichi, sowo inalira mpaka malata ananjenjemera.

"Kodi mayi sanakuuzeni?" anatero a Mawaya sowo itazimitsidwa, akupukuta manja. Analankhula mosaganiza choipa chilichonse. "Paja anabwera kwanga kalekale, ana anu ali aang'ono. Anandifotokozera mmene imazimira, ine ndinawalangiza za kabataniko. Mutu wawo ndi wakuthwa mayi aja, sindinachite kubwereza."

Mlamu, amene pakamwa pake sipankatseka, ulendo uno anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake.

A Utuchi anathokoza, poti ulemu anali nawo, anaperekeza mlendo mpaka pageti, anabwerera m'shedi n'kukhala pa benchi. Nsanje inawagwira. Anabwera kwanga. Mawu amenewa a munthu uja ankangozungulira m'mutu. Anapita liti? Anavala chiyani? Anakhalako nthawi yaitali bwanji? Ndiye zaka zonsezi iwo akumenya tebulo ngati wamisala, akudzitama kwa makasitomala, amene ankadzutsa sowo anali a Mawaya, kudzera m'chala cha akazi awo. Chakudya chimene ana awo anakulira, fizi ya sukulu, malata a nyumba, zonse zinali ndi dzina lachikasu pansi pake. Kabedi anakamaliza, kanakongola, koma ankakhoma misomali ngati ali pa ndewu.

Mayi anabwera masana ena, atatopa ndi basi, ali ndi zithunzi za khanda mufoni. Anapeza kabedi pakhonde, anakasisita, anayamikira. Kenaka anapita kushedi, ndipo choyamba kuona chinali chiguduli chili pa benchi, kabowo kali pamwamba. Amuna awo anachiyala dala ngati umboni wa kubwalo la milandu.

"Ndiye mwakapeza," anatero mayi, n'kukhala pa kampando.

"Munapita kwa munthu uja."

"Ndinapita."

"Osandiuza."

"Ndikanakuuzani mukanandilola?"

A Utuchi anadumpha funsolo. "Anakupatsani mpando?"

"Ndinaimirira. Mwana anali kumbuyo, wina ndinamugwira padzanja."

"Munaseka naye?"

"Bambo, m'nyumba munalibe ndi mchere womwe. Ndikanaseka chiyani?"

"Koma iye anaseka."

"Mwina anaseka, sindinamuwerenge mano." Mayi anavula nsapato, n'kuyamba kusisita phazi. "Anati ndikauze bambo achotse chimene anafunditsa motacho. Ine ndinati chimenecho sichingachoke. Ndinakwatiwa ndi inu, ndimadziwa kuti chiguduli chija sichinali cha utuchi. Ndiye ndinabwera, ndinadikira mupite pampopi, ndinaboola."

"Zaka zonsezi mwakhala mukundiseka mumtima."

Apa mayi anakwiya, ndipo mkwiyo wawo unali wosakweza mawu. "Zaka zonsezi ndakhala ndikugwada pa utuchi wanu, kulowetsa mkono kuseri kwa chimakina ichi, akangaude akundiyenda, kuti inu mukabwera mudzapeze makina odziwa mwini wake. Ndili ndi pakati ndinagwada. Msana ukundipweteka ndinagwada. Munthu uja ndinamuona tsiku limodzi, nthawi yosakwana kuwiritsa madzi. Inu ndi amene mwakhala naye m'shedi muno moyo wanu wonse, mwachita kumufunditsa kuti asazizidwe." Anavala nsapato, anaimirira. "Poti kabatani mwakadziwa, muzidina nokha. Mawondo anga atopa."

Anatenga chiguduli popita, ndipo mawa lake chinali chopondera pakhomo la kukhitchini.

Sowo inachira. Popanda chofunda mota inkapuma bwino, inkacheka thabwa lolimba dzuwa lili pamutu osadandaula. Ntchito inkayenda kuposa kale, ndipo mlamu ankafuula pampanda kuti gogo abwerera utsikana. A Utuchi ankangopitiriza kucheka. Akaweramira pansi kutola pensulo, dzina lachikasu linkawayang'ana. Anaganiza zolipaka penti yakuda, koma anaona kuti mayi adzaona, ndipo adzadziwa.

Chinanso chinali choti kushedi sikunkatinso zii. Sowo inkalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo madzi a masana sankatelekedwa. Mayi sanachite kunyanyala ayi. Ankaphika, ankachapa, moni ankapereka. Kungoti chimene chinkawaitanira kushedi chinali chete uja, ndipo chete anatha. A Utuchi ankasuzumira pazenera la kukhitchini n'kuwaona ataweramira foni, akumwetulira zithunzi za mdzukulu, kapena ali pampanda akuseka ndi mlongo wawo. Anayamba kuchitira nsanje foni, mlamu, ngakhale khanda losalakwa. Kampando kaja kanayamba kusonkhanitsa utuchi. Apa m'pamene anazindikira kuti pa moyo wawo wonse wa m'banja, nthawi imene ankakhala pansi awiriwiri n'kumacheza inali yomwe ija, sowo ikazima. Anaona kuti a Mawaya awalandadi mkazi tsopano, ndipo awalanda pongokonza mota bwinobwino.

Anapirira mpaka kupirira kunawakwana. Tsiku lina masana, ali pakati pocheka thabwa lofewa limene ngakhale mpeni wa buledi ukanalidula, anatambasula dzanja n'kuthimitsa swichi. Mpeni unazungulira pang'onopang'ono mpaka kuima. Anamenya tebulo ndi chikhatho, mwamphamvu kuti zimveke kukhitchini.

"Pumani, gogo!"

Anapita pampopi. Anasamba m'manja, anasamba kumaso, anatokosa makutu onse awiri, anasambanso m'manja. Ankamvetsera. Kukhitchini kunalibe phokoso lililonse, ndipo anachita mantha, mantha enieni, ngati a tsiku lija ataima pakhomo la eni ake ndi kampando. Kenaka anamva chivundikiro cha ketulo.

Anadikira mpaka anamva mapazi akulowera kushedi, n'kutsatira mwakachetechete, n'kuima pakhomo manja akudontha madzi. Mayi anaika thireyi pa benchi. Sanagwade. Anangowerama pang'ono, n'kuika chikhatho pamimba pa mota, pamwamba penipeni pa zilembo zija, ngati mmene amayesera mwana kutentha thupi. Mota inali yofunda pang'ono chabe. Anapapasa kumbuyo, kabatani kanali m'malo mwake, kosatumphuka. Anaweramuka, anacheuka, n'kuwaona amuna awo pakhomo.

Anayang'anana. 

"Yatentha kwambiri lero," anatero mayi. "Isiyeni izizire."

Anakuntha utuchi pa kampando ndi nsonga ya nsalu yawo, anakhala, n'kuyamba kuthira tiyi. Makapu anali awiri. A Utuchi anapukuta manja pa ovololo, anakoka chibokosi cha misomali chimene ankakhalira, anachiika pamalo ake a masiku onse. Atakhala anaona kuti pamenepo mayi akakweza maso aziona kunsi kwa tebulo. Ananyamukanso, anasuntha chibokosicho pang'ono, n'kukhala pakati pa akazi awo ndi dzina lija.